Utsogoleri pa Gulu la WhatsApp: Kodi Tikutsanzira Yani?

Kuwerenga: 3 Yohane 9-11, Eksodo 32:21-24, Machitidwe 18:24-28

Masiku ano uthenga wa maliro, wa odwala ndi wa zopereka umatipeza pa foni tisanakumane ku tchalitchi. WhatsApp inayamba mu 2009, ndipo mu 2020, pamene matenda a COVID-19 anachepetsa misonkhano, ambiri a ife tinadalira foni kuti Chigwirizano chisazilale. Mayi wosunga gulu, amene timamutcha admini, ali ndi mphamvu yolowetsa munthu, yomuchotsa, ngakhale yotseka gulu kuti azilemba yekha. Umenewu ndi utsogoleri, ndipo uyenera kuyesedwa ndi Mawu a Mulungu. Tiyeni tione atsogoleri atatu a m'Buku Lopatulika.

Woyamba ndi Diotrefe. Mtumwi Yohane akuti munthuyu ankakonda kukhala woyamba. Ankanenera atumwi zoipa, ankakana kulandira abale, ndipo ofuna kuwalandira ankawatulutsa mu mpingo. Mtima wa Diotrefe ulipo pa magulu athu. Mayi akafunsa za ndalama za msonkhano, m'mawa apeza wachotsedwa. Wina alephera chopereka chifukwa mvula inavuta, dzina lake lilembedwa poyera kuti achite manyazi. Gulu lotere limakhala chete, koma bata lake ndi la mantha.

Wachiwiri ndi Aroni. Anthu atamuumiriza, anawapangira mwana wa ng'ombe wagolide. Mose atamufunsa, anakankhira mlandu kwa anthu, nalankhula ngati fanolo linangotuluka lokha m'moto. Mtsogoleri wotere amaopa kudedwa. Miseche ya banja la mnzathu ikuyenda, iye ali phee. Imfa ilengezedwa ana a malemu asanauzidwe, chithunzi cha wodwala ali pa bedi la chipatala chitumizidwa popanda chilolezo chake, iye angowerenga. Amayi, mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene wavomera udindo avomerenso kuletsa choipa, ngakhale wolakwayo ndi mnzake wapamtima.

Wachitatu ndi Priskila. Ku Efeso kunafika Apolo wa ku Alesandreya, munthu wodziwa kulankhula ndi wodziwa Malembo, koma ankadziwa ubatizo wa Yohane wokha. Priskila ndi mwamuna wake Akula atamumva m'sunagoge, sanamutsutse pamaso pa anthu. Anamutengera pambali namufotokozera bwino njira ya Mulungu. Pambuyo pake Apolo anapita ku Akaya nakathandiza kwambiri okhulupirira. Taonani, choonadi chinatetezedwa, ndipo munthu sanatayike. Ndiyo njira imene Ambuye Yesu anatiphunzitsa pa Mateyu 18:15, kuti mbale wolakwa tiyambe kumuona pa awiri.

Tsono inu a pampando, alembi ndi ma admini, mnzathu akalemba zosayenera, chotsani uthengawo msanga, kenaka mumuimbire kapena mupite kunyumba kwake. Nkhani ya chilango ili ndi malo ake kwa abusa ndi akulu a mpingo. Pa gulu paziyenda nthawi ya misonkhano, mapemphero ndi mawu olimbikitsana. Uthenga umene simudziwa kumene wachokera musautumize, chifukwa mawu akachoka pa foni yanu simungawabwezenso. Ndipo admini asakhale mmodzi, kuti wina akapsa mtima winayo amubweze.

Musaiwalenso agogo athu ndi amayi a m'midzi amene ali ndi foni ya mabatani, kapena alibe ndalama ya mabandulo. Chimene mwagwirizana pa foni iwo sanachimve. Bwererani nacho ku msonkhano, muchinene pakamwa, nawonso aikepo maganizo awo. Mbusa wabwino amawerenga nkhosa zonse.

Sabata ino yense atsegule foni yake, awerenge zimene walemba mwezi wathawu, ndipo adzifunse: Kodi ndani anatonthozedwa ndi mawu anga? Ndani anatuluka pa gulu, ndipo ndinamulondola kodi? Ndinakhala chete pati pamene ndinayenera kulankhula? Ngati pali mayi amene anachoka ali ndi chilonda, mumuyendere Sabata isanafike.

Ambuye Yesu, amene anasambitsa mapazi a ophunzira ake, atipatse mtima wotumikira, ndipo ayeretse zala zathu pamodzi ndi malilime athu. Amen.