Gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo

Mdzukulu wanga, sendera kuno ukhale pamphasapa. Inu ana a lero mumayesa phokoso la magitala linayamba ndi inu. Ayi ndithu. Mutu waimvi ukuwuonawu unagwedezekapo mpaka tambala kulira, amayi ako asanabadwe. Za gulu lako loimba likubwera m'tauni Lowerukali ndamva. Sindikuletsa. Koma upite ukudziwa zimene ndikudziwa ine. Safunsa anadya phula.

Ndili mnyamata ndinapita ku migodi ya kopa ku Zambia, ku Kitwe. Zinali zaka za m'ma 1970. Amalawi tinalipo ambiri kumeneko. Ndalama ya kopa inkayenda, ndipo anyamata a m'makomboni anagwira magitala a magetsi. Ankamvera Jimi Hendrix ndi The Rolling Stones. Kenako anasakaniza ndi ng'oma zakwawo, n'kutulutsa zawozawo. Nyimbo zimenezo lero amazitcha Zamrock. Pulezidenti Kenneth Kaunda anadzalamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse za pa wailesi, 95 zizikhala za m'dzikomo. Pamenepo magulu oimba anachuluka. Kunali Amanaz, kunali Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, kunali Ngozi Family. Koma mtima wanga unali pa WITCH.

Woimba kutsogolo kwawo anali Emmanuel Chanda. Aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Jagari, lochokera kwa Mick Jagger wa ku England. Chimbale chawo cha Lazy Bones, cha mu 1975, tinkachiliza mpaka singano kutha. Koma chimbale ndi fungo chabe la ndiwo za kwa eni. Kudya kwake ndi kukawaona ndi maso.

Ndinasunga makobiri mwezi wathunthu. Tsiku litafika tinaima pamzere dzuwa likadali m'mwamba. Ena opanda ndalama anakangamira pamazenera. M'holomo munkatentha, thukuta kamukamu, asanayambe n'komwe. Zokuzira mawu zinkangoti ng'ii, tonse tili tcheru. Kenako woimba ng'oma anagundanitsa timitengo take. Gitala ya besi italira, sindinaimve ndi makutu, ndinaimva m'chifuwa muno. Jagari anatulukira akudumpha, chifuwa pamtunda, nsapato zazitali zidendene. Sanaime malo amodzi usiku wonse. Tsiku lina ndinaona Paul Ngozi wa Ngozi Family akuliza gitala ndi mano. Inde, ndi mano, ndipo nyimbo sinasokonekere. Iyeyu ankaimbanso m'Chinyanja, chinenero chathu chomwechi. Tikamva mawu akwathu akutuluka m'phokoso limenelo, ife alendo tinkaiwala kuti tili kutali.

Usaseke. Ndinali ndi tsitsi lalikulu ndi buluku lotambalala kumiyendo. Kuno kwathu nthawi ya Kamuzu zimenezo zinali zoletsedwa. Pobwera kumudzi ndinkayamba ndameta ku Chipata ndisanafike pa chipata cha Mchinji. Ukapita kwa eni, uvina gule wa eni. Ukabwera kwanu, ukumbuke kwanu.

Tsono tamvera. Ukalowa m'bwalomo, foni uiike m'thumba. Ndimakuonani inu, manja m'mwamba, maso pa kagalasi, pamene munthu akuimba pamaso panu. Mukujambulira ndani? Ine ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha usiku uja, koma zaka 50 zapita ndipo ndikukufotokozera. Nyimbo imodzi yokha usavine. Ungoima phee. Uyang'ane manja a woimba ng'oma. Uyang'ane wa besi amene amaima kumbuyo, wopanda womuimbira m'manja. Uone mmene amapatsirana maso akafuna kusintha. Pamenepo mpamene pali luso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikukuuza kuti pita chifukwa magulu amatha. Ife tinkayesa zidzakhala choncho mpaka kalekale. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975, ndalama inayamba kusowa m'matumba. Nkhondo ya ku Rhodesia inafika pakhomo. Mu 1978 ndege zawo zinaponya mabomba pafupi ndi Lusaka. Boma linaletsa kuyenda usiku, magetsi ankazimitsidwa. Oimba anayamba kuimba masana, koma gule wa masana sakoma chimodzimodzi. Eni mabala anaona kuti disko ndi yotchipa kuposa kulipira anthu asanu ndi zida zawo. Ndinali ndi mnzanga amene ankangoti adzawaona mwezi wamawa. Mwezi wamawawo sunafike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Kenako kunabwera Edzi. Apa ndilankhule pang'onopang'ono, chifukwa mpamene pagona nkhani. Oimba ambiri a Zamrock anapita asanamere imvi. Pa anyamata amene anaimba Lazy Bones, watsala Jagari yekha. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Koma usayese kuti anapita oimba okha. Ife ovina pansi tinaikanso anzathu ambiri. Nyimbo sinaphe munthu. Chinapha anthu ndi chimene chinkachitika magitala akakhala chete. Mowa uli m'mutu, mtima uli m'mwamba, munthu wamuona usiku womwewo akuoneka ngati mngelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku ano mankhwala alipo, n'zoona, ndipo anthu akukhala ndi moyo wautali. Koma kuli bwino kusadwala kusiyana ndi kumwa mankhwala moyo wonse. Botolo limene sunatsekule wekha usamwe. Tinthu toyera ndi tamasamba timene amapatsirana kuseri, usalandire. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Khamu nalonso ndi chilombo. Mu Epulo 1980, usiku umene Zimbabwe inkalandira ufulu, Bob Marley anaimba pa bwalo la Rufaro ku Harare. Anthu amene anatsekeredwa kunja anakankha kuti alowe. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, zoimba zinaima kwa kanthawi. Mawa lake anaimbanso kuti anthu wamba amuone. Amene anadekha anamuona bwinobwino, maso osawawa. Choncho ukalowa, choyamba uone kumene kuli khomo lotulukira. Usadzipanikize kutsogolo kwenikweni. Ndewu ikabuka, usafunse kuti wayamba ndani. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndipo usaime pafupi ndi zokuzira mawu. Khutu langa lakumanzereli limalira lokha usiku, ndipo linayambira ku Kitwe.

Za Jagari ndisakubisire, pakuti nkhani yake sinathere pamanda. Zinthu zitayamba kuvuta anasiya gululo n'kukaphunzira uphunzitsi. Pambuyo pake anakakumba miyala ya mtengo wapatali kutchire. Munthu amene holo yonse inkafuula dzina lake anagwira fosholo. Zaka zinapita. Azungu anadzapeza zimbale zakale zija n'kuzitulutsanso. Lero mkuluyo, ndi imvi zake, akuimba ku Ulaya ndi ku America. Mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Anadikira, ndipo anadzisunga kuti adikire. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Kuno kwathunso taziona. Evison Matafale anaimba Kuimba 1 ndi Kuimba 2, mu Novembala 2001 basi, kulibe. Lucius Banda, Soja uja, anatisiya mu 2024. Amene anawaona akuimba ali ndi chonena. Amene ankati mawa angokhala ndi wailesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye Loweruka upite. Upite ndi msuweni wako wamkulu uja, mulowe limodzi, mutuluke limodzi. Ndalama ya minibasi yobwerera uibise m'sokosi, isasakanikirane ndi ya zakumwa. Kukada kwambiri, ukagone kwa azakhali ako m'tauni momwemo, usayende mumdima. Lamulungu madzulo ubwere pakhonde pano. Udzandiuze mmene wa besi ankaimbira, ndipo usadzandionetse pa foni.