Mfuti Ziwiri pa Foni ya Mphwanga

Mwezi wa Julayi, anthu atagulitsa fodya, mwana wa mlongo wanga anadzuka m'mamawa napeza khola lake liri pululu. Ng'ombe zinai zinatulutsidwa usiku, ziwiri mwa izo zapagoli. Anthu analondola mapazi mpaka pa mtsinje wouma, pomwe anasokonekera pa miyala. Ife a kuno ku Cassacatiza tidziwa tanthauzo lake. Malire ali pafupi, Chanida ndi apa, ndipo ng'ombe ikayenda usiku umodzi wathunthu, kuipezanso ndi mwai.

Patapita masabata awiri mphwangayo anabwera kwathu madzulo, natulutsa foni. Mnzake wa ku Joni anamtumizira zithunzi za mfuti ziwiri. "Atsibweni," anatero, "inu munaiona nkhondo. Pa ziwirizi, yabwino kusunga m'nyumba ndi iti?"

Ndinazizindikira msanga. Yoyamba inali SKS, yaitali, yamtengo wambiri, yolowa zipolopolo 10. Yaciwiri inali ya maonekedwe a AK, yaifupi, yokhala ndi cosungira zipolopolo cokhota cimene cimanyamula 30. Zonse ziwiri zimadya cipolopolo ca mtundu umodzi, ndipo zonse zimadzilowetsera zokha cipolopolo cina cikangocoka cinzake. Iye anali ataganiza kale: yaitali akuti imalunjika bwino patali, yaifupi imatembenuka msanga pakhomo. Kwa ine anangofuna kuti ndiloze imodzi. Sindinamuyankhe tsiku limenelo. Yankho langa ndi ili, ndipo ndalilemba kuti nanunso muliyese.

Coyamba ndivomere kuti mnyamatayo sanafunse mwa ucitsiru. Ng'ombe zapagoli ndizo munda, ndizo ngolo, ndizo ndalama ya sukulu ya ana. Wakuba amene wazitenga watenga cakudya ca caka camawa. Ndiponso munthu ali ndi ufulu woteteza moyo wake ndi wa banja lake. Midzi yathu ndi yotalikirana, m'dzinja njira zimadulidwa ndi madzi, ndipo pakati pa usiku thandizo silingafike nthawi yomweyo. Amene angamuuze kuti angoiwala, ameneyo sanaberedwepo.

Koma funso lakuti "iti pa ziwirizi" limalumpha mafunso ena amene ayenera kukhala patsogolo. Limodzi ndi la lamulo. Boma la Moçambique silimalola munthu wamba kusunga mfuti yankhondo, ndipo ngakhale yosakira nyama imafuna cilolezo. Mfuti yogulidwa mumdima imasandutsa woberedwa kukhala wolakwa, kotero kuti tsiku la mlandu mbala ndi mwini khola akhala pa benchi limodzi. Komabe sindifuna kubisala kumbuyo kwa lamulo. Tiyerekeze kuti mapepala onse alipo. Kodi cikhala cinthu cabwino?

Ganizani za usiku weniweni, osati wa m'mafilimu. Agalu auwa. Mwadzuka ndi tulo m'maso, mtima ukugunda, mwezi kulibe. Kuseri kwa khola kwayenda cinthu. Ndani amayenda usiku m'midzi mwathu? Pa anthu amene ndinakumana nawo mumdima moyo wanga wonse, ambiri anali oledzera osokera njira, anyamata ocokera kwa zibwenzi, amai othamangira azamba, mwana wotuluka kukataya madzi, kapena wamthenga wa maliro. Mbala zimabwera kamodzi pa zaka, koma abale amadutsa usiku uliwonse. Ndipo cipolopolo ca mfuti zimenezi sicimaima pa mpanda wa udzu kapena pa citseko ca thabwa. Cikaphonya cimapitirira kutali, ndipo kumene cikupitako kuli nyumba ya mnansi.

Makolo athu analinazo mfuti za gogodela. Kuti uombe kaciwiri unayenera kuthira onga, kugogodera, kuika cipolopolo, ndipo pa kanthawi kameneko mtima unkatsika, maso nkuona bwino, munthu wa mumdimayo nkupeza mpata wofuula dzina lake. Mfuti zimene anandionetsa mphwanga anazipanga kuti kanthawi kameneko kasakhalepo. Pa nkhondo umenewo ndi ubwino wake. Pakhomo, pamene cofunika coposa ndi kudziwa amene wabwera, ubwinowo ndiwo coopsa cake. Pa ici ziwirizo sizisiyana.

Palinso funso la cimene munthu amakhala akapha. Akuluakulu ankanena za cirope, misala imene imagwira munthu wokhetsa mwazi ngati sanasambitsidwe ndi mankhwala. Wina anganene kuti ndi zikhulupiriro cabe. Koma nkhondo itatha tinaona anyamata obwerera kwao akulephera kugona, akufuula usiku, ndipo mabanja ambiri sanawalowetse m'nyumba asanawacitire mwambo kapena kuwapempherera. Makolo anadziwa kuti wopha, ngakhale anali ndi cifukwa, sabwerera monga anapitira. Ndinafunsa mphwanga: ukapha mnyamata wa zaka 17 cifukwa ca ng'ombe, mawa amai ake nkubwera kudzatenga mtembo, iwe nkupeza kuti ndi a mfunda wako a tsidya la malire, udzati wapindula? Pakuti malirewa anadula dziko, sanadule ubale. Mu Ogasiti timakumana tonse ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, a ku Moçambique, a ku Zambia ndi a ku Malawi.

Dziko lathu linayesa kale moyo wa mfuti pakhomo lirilonse. Nkhondo yomenyera ufulu inalowa m'cigawo ca Tete mu 1968 kucokera ku Zambia. Itatha imeneyo inabwera yapaciweniweni, imene inatha pa 4 Okutobala 1992 pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina mtendere ku Roma. M'zaka zimenezo midzi yambiri ya kuno inasanduka mabwinja. Ena anathawira ku Malawi, ena anakakhala ku Ukwimi ku Zambia. Mfuti zinali mbwee, ndipo palibe nthawi imene tinagona ndi mantha kuposa imeneyo. Ng'ombe ndiye zinatheratu.

Mtendere utabwera, mfuti zambiri zinatsala m'maenje ndi m'madenga. Mu 1995 bungwe la machalichi la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba nchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu. Wopereka mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo zinthu zoonetsa. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti, wa mmisiri Cristóvão Canhavato, uli ku British Museum ku London. Anthu amene ankapereka mfutizo sanali amantha. Ambiri anali asilikali akale, odziwa bwino kuposa ine ndi mphwanga cimene mfuti imacita. Pa mbendera yathu pali buku, khasu ndi mfuti. Ine ndimawerenga motere: khasu ndi la nyumba iliyonse, buku ndi la mwana aliyense, koma mfuti ndi ya mtundu wonse, yosungidwa ndi anthu amene angafunsidwe mlandu akaigwiritsa nchito molakwa.

Mphwanga anatsutsa, ndipo anatsutsa bwino. "Nanga mbala zikabwera ndi mfuti, ine ndiime ndi mpini?" Funso limeneli ndi lolemera. Koma wakuba ndiye amasankha ola, inu muli m'tulo. Akadziwa kuti m'nyumbamo mulibe mfuti, amafuna ng'ombe ndipo amafuna kucoka mwakacetecete. Akadziwa kuti ilimo, amabwera ambiri, amayamba ndi mwini nyumba, ndipo mfutiyo imakhala katundu woposa ng'ombe. Onjezani apo kuti mfuti imakhala m'nyumba masiku onse a caka, pamene mbala imabwera tsiku limodzi. Masiku enawo muli mowa, muli nsanje, muli mkangano wa malire a munda, muli ana okonda kufufuza pansi pa bedi. Mnansi akamva kuti mwagula, nayenso agula. Walira mvula walira matope.

Sindikunena kuti palibe malo a mfuti. Njobvu ikalowa m'minda kapena cirombo cikavuta mudzi, pali anthu a boma ophunzitsidwa nchito imeneyo, ndipo ndi bwino mfumu kukhala ndi nambala zao. Cimene ndikukana ndi cakuti mantha a munthu mmodzi, pakati pa usiku, akhale woweruza ndi wakupha nthawi imodzi.

Tsono ticite ciani? Zimene ndinamuuza si zacilendo. Makola ayandikane, amangidwe pakati pa nyumba ndi mitengo yolimba, osati kumapeto kwa mudzi. Ng'ombe ziikidwe cizindikiro ndi kujambulidwa pa foni, kuti zikasowa zithunzi zifike kwa mafumu ndi apolisi a mbali zonse ziwiri za malire dzuwa lisanakwere. Ndalama ya fodya isagone m'nyumba pamene M-Pesa ndi e-Mola zilipo. Pakhale agalu, matoci, ndi mluzu kapena citsulo coimba cimene mudzi wonse udziwa tanthauzo lake. Mutu umodzi susenza denga. Koma pano ndicenjeze: gulu nalonso limatha kupha mopanda kufunsa. Mudzi wogwira mbala nkuitentha sunapambane munthu woomba mumdima. Wogwidwa apite kwa mfumu ndi kwa apolisi ali wamoyo.

Mphwanga sanakhutire kwathunthu, ndipo sindimuimba mlandu, pakuti ng'ombe zake sizinapezeke mpaka lero. Zithunzi zija sanazifafanize pa foni. Koma khola lake latsopano wamanga moyandikana ndi langa, ndipo tagwirizana kuti mvula ikagwa ayambe iye kulima ndi ng'ombe zanga, ine nditsatire pambuyo. Usiku wina posacedwapa agalu anauwa kwambiri, tonse tinatuluka ndi matoci, ndipo amene tinampeza kuseri kwa khola anali mwana wake wa zaka 9, akufunafuna kambuzi kake kamene sikanalowe madzulo.