Wobala ndi Wolera

Kale funso lakuti mwana uyu ngwa yani linkathera pa nkhope. Amayi akuluakulu ankayang'ana makutu, mphuno ndi zala za khanda, nagamula. Ndipo wokayika ankameza mate, pakuti panalibe bwalo lina lokadandaulako. Lero dokotala apukuta kathonje m'kamwa mwa mwana ndi mwa mwamuna, natumiza kokayeza, kenaka pabwera pepala lonena mosapita m'mbali kuti uyu ndiye anabala kapena ayi. Chimene chikundisautsa ine n'chakuti: pepalalo likalankhula, kodi mlandu watha?

Tiyambe tadziwa chimene amayezacho. Ife a ku Kasungu timaidziwa njere ya fodya, kachinthu kochepetsetsa kotero kuti galamu imodzi ikhala ndi njere zoposa 10,000, ndipo pofesa pa nazale timazisakaniza ndi madzi m'kheni. Komabe m'kanjereko muli malangizo onse a kutalika kwa mtengo, kukula kwa tsamba ndi ukali wake. Malangizowo alembedwa pa ulusi wotchedwa DNA, umene uli m'maselo a zamoyo zonse. Friedrich Miescher ndiye anayamba kuupeza mu 1869, m'mafinya a pa mabandeji a chipatala, koma maonekedwe ake anadziwika mu 1953, pamene James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge, mothandizidwa ndi zithunzi za Rosalind Franklin, anaonetsa kuti ndi zingwe ziwiri zopotana, zolumikizana ngati makwerero. Mayi Franklin pambuyo pake anafufuza kachirombo koyambitsa mawangamawanga pa masamba a fodya, namwalira mu 1958 ali ndi zaka 37 zokha.

Zilembo za pa ulusiwu n'zinayi basi: A, T, G ndi C. A agwirana ndi T, G agwirana ndi C, motero zingwe ziwirizo zikalekana, chilichonse chiumba chinzake chatsopano, ndipo uthenga upitirira ku selo lina ndi ku mbadwo wina. Mwa munthu ulusiwu wakulungidwa m'mitolo 46 yotchedwa makromozomu, 23 yochokera kwa mayi ndi 23 kwa bambo. Mu 1984 Alec Jeffreys wa ku Leicester anapeza kuti pali malo ena pa ulusiwu amene asiyana munthu ndi munthu, ndi kuti chimene mwana ali nacho pamalopo chiyenera kupezeka mwa mmodzi wa omubala. Mlandu woyamba kuweruzidwa ndi nzeruyi, mu 1985, unali wa mnyamata wa banja lochokera ku Ghana amene boma la Britain linkamukayikira kuti si mwana wa mayi ake. Magazi anamuikira umboni, ndipo anakhala ndi mayi akewo. Tisaiwale chiyambi chimenechi: chida ichi chinayamba ndi kulumikiza banja.

Tsono makolo athu ankati bwanji? Kwa Achewa a kwa Mwase mwana ngwa mbumba ya mayi ake, ndipo nkhoswe yake ndi atsibweni. Bambo ndi mkamwini, mlendo pamudzi. Tikayenda chakumpoto kulowera ku Mzimba, kumene amalowola, mwana ngwa kuchimuna. Chodabwitsa n'chakuti thupi lisunga mizere yonse iwiri. M'selo muli tizigawo totchedwa mitochondria tokhala ndi DNA yakeyake, imene munthu alandira kwa mayi okha, monga momwe mbumba iyendera. Ndipo kromozomu Y iyenda kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, monga momwe Angoni awerengera mtundu. Chilengedwe sichinasankhe mbali. Anasankha ndi anthu, pofuna kuti mwana aliyense akhale ndi womuyang'anira.

Makolowo ankadziwanso kuti wobala ndi wolera angathe kukhala anthu awiri. Mwamuna akakhala wosabereka, akulu ankapangana mwachinsinsi zolowetsa fisi m'nyumba, ndipo mwana wobadwayo ankatchedwa wa mwini nyumba moyo wake wonse. Mwambowu sindiuyamikira; unkapondereza mkazi, ndipo m'nthawi ya Edzi ndi njira ya kumanda. Ndiutchula chifukwa uonetsa kuti kwa iwo ubambo unali udindo umene munthu auvomera pamaso pa mudzi.

Pa maesiteti a fodya funsoli si la m'kalasi ayi. Chiyambire m'ma 1970, pamene minda ikuluikulu inachuluka ku Kasungu, matenanti akhala akubwera kuchokera ku Mulanje, Thyolo ndi maboma ena, kudzakhala nyengo imodzi kapena ziwiri. Ndinakula ndikuona mitundu iwiri ya amuna. Wina akwatira pamene fodya ali pa nazale, ndipo mabelo akagulidwa ku okushoni, akwera basi osatsazika, kusiya mkazi ndi pathupi; akapezeka akuti, "Mwanayo mukudziwa bwanji kuti ngwanga?" Wina apeza mkazi yemweyo ali ndi khanda kumbuyo, amutenga, alera mwanayo, amuphunzitsa kuwokera mbande ndi kusoka masamba m'chigafa, namulipirira fizi. Ndani mwa awiriwa amene mwanayo adzamulire pa tsiku la maliro?

Kwa mwamuna woyambayo ndikuti kathonje kaja kabwere msanga. Lamulo losamalira ana la 2010 lipatsa kholo lililonse udindo wopezera mwana zosowa zake, ndipo pamene munthu akana dala, magazi ndi mboni yosalandira chiphuphu. Mkazi wosauka amene kale ankangolumbira ndi misozi tsopano ali ndi choloza. Apa sayansi ili kumbali ya wofooka.

Koma pali mwamuna wachitatu, ndipo ndiye andivuta. Walera mwana zaka 12 akukhulupirira kuti ngwake. Anthu kumowa anong'oneza, iye akayezetsa, pepala likuti ayi. Anzanga ena amati ameneyu ali ndi ufulu wonse wotuluka, pakuti ananamizidwa, ndipo pangano lomangidwa pa bodza si pangano. Mfundo yawo njolemera ndithu. Kunamizidwa kotere kupweteka, ndipo sindinganene kuti munthuyo apitirize ukwati, kapena kuti choonadi chikwiriridwe. Mwanayonso ayenera kudziwa womubala, ngakhale pa chifukwa cha thanzi chabe, popeza matenda ena, monga a sickle cell, ayenda m'magazi.

Komatu tifunse: wanama ndani? Si mwana. Iye pamene ankati "Ababa" sankanama, ndipo mwamunayo pamene ankamunyamula usiku kupita naye kuchipatala sankachita sewero. Zaka 12 zimenezo zinachitikadi, monga momwe kubala kwa mwamuna winayo kunachitikira. Pepala lingathe kutsutsa chimodzi chokha, chakuti mitolo 23 ija inachokera kwa uyu. Silingafafanize nsima imene anadyera mbale imodzi. Kulanga mwana chifukwa cha tchimo la mayi ake ndiko kuzula fodya chifukwa wakwiyira wogulitsa mbewu.

Mlimi aliyense adziwa kuti mbewu siitsiriza nkhani. Alimi awiri atenge njere m'paketi imodzi: wina apalira, athira feteleza pa nthawi yake, adula nsonga nachotsa mphukira, wina angosiya. Pa Chinkhoma mabelo awo sadzagulidwa mtengo umodzi. DNA ipereka zimene chamoyo chingathe kukhala; chimene chidzakhaladi chidalira manja amene achisamala. Ndipo akatswiri atiuza kuti anthu awiri alionse afanana pa zilembo pafupifupi 999 mwa 1,000 zilizonse. Pamene akulu ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe, sankadziwa masamu amenewa, koma sanaphonye.

Motero ine ndiima apa. Kuyeza magazi kukhale chingwe chomangira wothawa udindo, kusakhale mpeni wodulira mwana kwa amene wamulera. Bwalo la amfumu kapena la majisitireti likalandira pepalalo, lilandire ngati mboni imodzi yonena zoona pa funso limodzi, lakuti anabala ndani. Funso linalo, lakuti mwanayu agona kuti usiku uno ndipo mawa adzaitana yani, makina sangatiyankhire. Limenelo n'lathu.