Baji ya pa Chipewa cha Bambo Anga

Bambo anga anali mesenjala wa kwa DC. Chuma chawo cha pantchito chinali njinga, chikwama chachikopa ndi chipewa chokhala ndi baji yamkuwa, ndipo pa bajiyo panali chisoti chachifumu. Loweruka madzulo ankaikwecha ndi phulusa ndi kansanza mpaka iwale, ine nditanjuta pambali kudikira kuti andilole kuigwira. Pamwamba pa makalata amene ankanyamula pankalembedwa m'Chingerezi kuti kalatayi ili pa ntchito ya Mfumukazi. Ndisanadziwe n'komwe kuti London ili mbali iti, ndinkadziwa kuti bambo amagwira ntchito ya Kwini.

Mfumukazi Elizabeth II itamwalira ku Balmoral pa 8 Sepitembala 2022, akulu a mpingo anzanga awiri anakangana titangotuluka m'tchalitchi. Wina anati mayiyo anali woopa Mulungu, ndipo zaka 70 pampando popanda kunyoza munthu pagulu si zamasewera. Mnzakeyo anati ayi, ameneyo anali mutu wa anthu amene anatilanda dziko. Ine sindinayankhe, chifukwa funso limene linandigwira silinali la onse awiri. Munthu amene zinthu zimachitidwa m'dzina lake, iye osalamula ndiponso osaletsa, kodi pamaso pa Mulungu ali ndi mlandu?

Ndiyambe ndi kuwapatsa zawo mayi amenewa. Ufumu sanaufune okha. Unawagwera chifukwa mkulu wa bambo awo, Edward VIII, anautula m'chaka cha 1936, iwo ali ndi zaka khumi. Tsiku limene anakwanitsa zaka 21, ali ku Cape Town mu 1947, analonjeza pa wailesi kuti moyo wawo wonse, utalike kapena ufupike, adzaupereka potumikira. Anasunga. Nduna zazikulu 15 zinadutsa m'manja mwawo, kuyambira Winston Churchill mpaka Liz Truss, amene anamulandira kutatsala masiku awiri kuti atsirizike, ali ndi ndodo m'manja. Amuna awo, Prince Philip, atamwalira mu Epulo 2021, anakhala okha pa benchi m'tchalitchi cha ku Windsor atavala chophimba kukamwa, chifukwa lamulo la mliri linatero kwa aliyense. Ndakhala mu mpingo zaka zambiri ndipo ndaona malonjezo ambiri a paguwa akusweka chaka chisanathe. Lonjezo losungidwa zaka 75 sindingalipepuse.

Ndinawaonapo kamodzi, mu Julayi 1979, atabwera kuno asanapite ku msonkhano wa Commonwealth ku Lusaka. Ndinali mphunzitsi wachinyamata, nditandanditsa ana m'mbali mwa msewu ndi timbendera tapepala kuyambira m'mawa. Galimoto inadutsa ngati mphepo. Ndinangoona chipewa ndi dzanja lovala gulovu likubayibitsa. Madzulo nditawafotokozera bambo, anangoti, "Unawaona? Ine ndinawanyamulira makalata zaka zonse zija osawaona."

Chimene chimandivuta ndi mafuta. Pa 2 Juni 1953, ku Westminster Abbey, mwambo wowaveka ufumu unaonetsedwa pa kanema, koma mbali ya kudzoza sinaonetsedwe. Anawavula zovala zaulemerero, natsala ndi diresi yoyera wamba, anthu anayi nawagwirira nsalu pamwamba, ndipo Akibishopu Geoffrey Fisher anawadzoza m'manja, pachifuwa ndi pamutu. Mbali imeneyo anati ndi yopatulika, maso a makamera asaione. Mwambowu anautenga pa kudzozedwa kwa mafumu a Israyeli, ndipo mayiwo ankaukhulupirira ndi mtima wonse. Koma amene timawerenga Baibulo tikudziwa kuti mafuta aja sankabwera okha. Ankabwera ndi mneneri. Natani amene anaimirira pa kudzozedwa kwa Solomo ndi yemweyo amene analoza Davide chala pa nkhani ya Uriya. Ndipo Davide sanagwire lupanga. Anangolemba kalata.

Chaka chomwecho cha 1953 mafumu athu anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi kuti dziko lino lisalowetsedwe m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Iwo ankati makolo awo anapangana za chitetezo ndi Mfumukazi Victoria, choncho wolowa m'malo mwake ndiye woyenera kumva dandaulo lawo. Nduna za boma la Britain sizinawalole kuonana nawo. Chitaganya chinayamba mu Ogasiti. Patapita zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi. Dr. Banda anatengedwa m'bandakucha kupita kundende ya Gwelo, anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo pa doko la Nkhata Bay asilikali anawombera khamu limene linasonkhana pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Anafa osachepera 20. Tsiku lomwelo, ku ndende ya Hola ku Kenya, akaidi 11 anamenyedwa ndi zibonga mpaka kufa. Kenya yomweyo imene mayiwa anali pamene anamva za imfa ya bambo awo mu Febuluwale 1952.

Oikira kumbuyo Mfumukazi amati malamulo a Britain salola mfumu kulankhula zandale. Imasaina zimene nduna zaipatsa, imalangiza mseri, basi. N'zoona, ndipo ndikuvomereza kuti kudziletsa kotere kunasunga mtendere wa dziko lawo. Mfumu yolankhula chilichonse chimene chabwera kukhosi taiona kuipa kwake. Koma tamvani mmene mlandu ukusowera mwini. Msilikali akuti ndinalamulidwa. Mesenjala akuti ndinatumidwa. Bwanamkubwa akuti ndinkateteza bata m'dzina la Mfumukazi. Mfumukazi ikuti ndinangolangizidwa. Aliyense waloza kwina, koma manda ali pomwepo. Mlandu suola, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kwathu munthu akalowa dzina la malume ake salowa ndodo ndi mpando zokha. Amalowa ndi milandu imene malumewo anaisiya pabwalo, ngakhale iye anali asanabadwe pamene inkapalamulidwa. Palibe amene amamutcha wakuba kapena wakupha. Koma akabwera olakwiridwa, iye ndi amene amaimirira n'kuwayankha, chifukwa dzina ndi limodzi. Apa ndi pamene ndafika pa funso langa lija. Sindikhulupirira kuti Elizabeth ali ndi tchimo la msilikali wa ku Nkhata Bay. Koma ulemu wonse wa dzinalo anaulandira: mbendera, nyimbo, mawondo opindidwa, miyala yamtengo wapatali yokumbidwa m'nthaka ya Afrika. Wolandira ulemu wa dzina sangakane ngongole ya dzinalo. Ngongole imeneyo inali mawu, ndipo ife sanatilipire.

Si kuti zinali zosatheka. Mu 1995, ali ku New Zealand, anasaina ndi dzanja lawo lamulo lokhala ndi chipepeso cha ufumu kwa Amaori a Waikato-Tainui chifukwa cha malo olandidwa. Mu Meyi 2011 ku Dublin anaika nkhata ya maluwa pamalo okumbukira anthu a ku Ireland amene anafa pomenyana ndi ufumu wa makolo awo, naweramitsa mutu. Mutu woweramawo unachiza zambiri kuposa mapangano olembedwa. Akenya anadikira mpaka 2013, atapita kukhoti, ndipo amene anaimirira kunena kuti boma likumva chisoni anali nduna, William Hague. Ku Nkhata Bay sikunawerame mutu uliwonse wovala chisoti.

M'masiku aja a Malichi 1959 bambo anga anauzidwa kuti atsogolere apolisi usiku ku nyumba ya mphunzitsi wina wa chipani cha Congress, chifukwa iwo ndi amene ankadziwa tinjira ta m'mudzimo. Anawatsogolera. Mphunzitsiyo anakhala m'ndende kopitirira chaka, anatuluka akutsokomola, ndipo sanachedwe kumwalira. Palibe anawaimba mlandu bambo. Abusa anawauza kuti wotumidwa alibe chifukwa. Koma kuyambira pamenepo anasiya kudya Mgonero, ndipo bajiyo ankaikwecha ali chete.

Atapuma pantchito, tsiku lina anandidzutsa m'mamawa nati, "Gwira tambala woyera uja, undiperekeze." Tinayenda mtunda wautali, ine nditakolekera tambala m'khwapa. Tinapeza mayi wamasiye wa mphunzitsi uja akusinja chimanga. Bambo anavula chipewa, nakhala pansi pa dothi, osadikira mphasa.

"Mayi, ndine amene ndinalozera nyumba ino usiku uja. Ndinatumidwa, koma miyendo inali yanga. Pepani."

Mayiwo anatsamira musi nthawi yaitali osanena kanthu. Kenaka anaitana mwana kuti alandire tambalayo, nati, "Ndinakuonani usiku umenewo, bambo. Munaima kuseri kwa nkhokwe. Ndakhala ndikudikira kuti mubwere."

Sabata yotsatira bambo anadya Mgonero.