Ndani ali ndi ngongole, ng'ombe kapena mwini khola?

M'midzi ya mafumu Chikomeni ndi Mwasemphangwe, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi, ng'ombe zambiri ndi zamakolo, zija za linunda zimene akatswiri amazitcha Angoni pokumbukira anthu a Zwangendaba amene anawoloka Zambezi mu 1835. Mkaka wake ndi wochepa, wongokwanira thole ndi chambiko cha ana, koma zimapirira dzuwa ndi msipu wouma. Masiku ano ulimi wotere, wa ndowe ndi mapesi, wopanda feteleza wambiri, ukutamandidwa kuti ndi wachilengedwe. Ine ndikuona kuti chitamandocho chikuphonya pamene pagona nkhani. Ubwino wa woweta suyezedwa ndi zimene sagula kusitolo. Umayezedwa ndi ngongole imene amabweza, chifukwa munthu akangotsekera nyama m'khola, wailanda njira zodzisamalira yokha, ndipo zonse zimene ikanadzipezera zasanduka mangawa ake.

Akhristu ambiri amathamangira mutu woyamba wa Genesis, pamene munthu akupatsidwa ulamuliro pa zamoyo, n'kuimira pomwepo. Komatu mutu wachiwiri umamuika m'munda ngati wantchito ndi mlonda, ndipo malamulo a Mose amapatsa ng'ombe tsiku lopuma pamodzi ndi mwini wake, amaletsanso kuimanga pakamwa ikamapuntha dzinthu. Ulamuliro wokhala ndi malire otere ndi wa kapitawo, si wa mwini chuma. Ngakhale amene sawerenga Baibulo angaone zomwezo m'munda. Ng'ombe yokoka khasu ndi ngolo imadya mapesi a chimanga ndi masamba a mtedza, ndowe zake n'kubwerera m'nthaka ngati manyowa. Mlimi akatentha mapesi, kapena akaunjika ng'ombe makumi awiri padambo lokwanira khumi, sipafunika mlaliki womudzudzula: pofika Okutobala nthiti za ng'ombezo zimawerengeka. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinakumbutsa alimi kuti msipu ndi madzi zili ndi polekezera. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, limalimbikitsa manyowa ndi mitengo ya gliricidia pa chifukwa chomwechi, choti nthaka imene wadyapo uibwezere.

Wina anganene kuti uku n'kuveka umphawi mkanjo wa kutchalitchi, kuti mlimi wa kuno ku Lundazi sathira feteleza chifukwa alibe ndalama, osati chifukwa cha chikumbumtima. Nzoona ndithu, ndipo ndi chifukwa chake sindiyesa kusowa mankhwala ngati chiyero. Kuno nkhupakupa zimafalitsa chigodola, chimene chimapha kwambiri matole, ndipo kumbali ya chigwa kashembe amabweretsa nthenda yofooketsa ng'ombe mpaka kufa. Munthu wosiya ng'ombe yake ikuvutika, osapita nayo kudibi, osaitana mlangizi wa ziweto, poti akufuna kuti mkaka wake utchedwe wachilengedwe, ndiye kuti wakonda dzina kuposa nyama. Jakisoni woperekedwa pa nthawi yake ndi mbali ya ngongole ija. Cholakwa chili pa wogulitsa mkaka mankhwala asanathe m'thupi la ng'ombe, poti ameneyo walipira ng'ombe pobera mwana wa mnzake.

Chotsutsa cholimba kwambiri n'chakuti ng'ombe ndi banki ya banja: imalipira malowolo, fizi ya sukulu, chipatala ndi maliro, choncho kuuza wosauka kuti achepetse khola n'kumulanda chitetezo. Izi sizoyenera kuzipeputsa, makamaka ndi anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Koma dambo ndi la mudzi wonse. Khola lalikulu la munthu mmodzi limanenepa ndi udzu umene ukanadyetsa ng'ombe ziwiri za mayi wamasiye, ndipo chitetezo chopezeka motero n'chobwereka popanda kupempha.

Muyeso umenewu usamagwire ofooka okha. Lukusuzi inakhala paki mu 1972, ndipo nyama zimayenda pakati pa iyo ndi paki ya Kasungu ku Malawi, kudutsa m'minda ya anthu. Mu Julaye 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu ndi boma la Malawi mothandizana ndi African Parks ndi IFAW, ndipo kuyambira pamenepo midzi ya mbali zonse za malire yakhala ikudandaula za nkhokwe zogumulidwa ndi anthu ophedwa. Kuteteza njovu n'koyenera. Koma wonyamula nyama pa lole n'kukaitula kumene wasankha wasanduka mbusa wake, ndipo pamudzi mbusa amene ng'ombe zake zadya chimanga cha eni amakayankha kwa amfumu n'kulipira. Pa zimene nyama zakutchire zawononga, malamulo a Zambia sapereka chipukutamisozi, pamene mlimi wopezeka akudyetsa ng'ombe m'paki amaimbidwa mlandu.