Kodi Galu wa Pachingwe Tingamutche Womvera?

Abale ndi alongo, aliyense amene anawetapo galu kuno ku Makanjira akudziwa zimene zimachitika kagalu kakakwanitsa miyezi 7 kapena 8. Kagalu komwe kankakutsatirani kumunda ndi kumjigo, komwe kankabwera msanga mukangoimba mluzu, kamayamba kuchita ngati kagontha. Mukakaitana kamatembenuka, n'kukuyang'anani kamodzi, kenako n'kuliyatsa liwiro la kudoko kumene amayi akuyanika usipa pathandala. Zikatere ambirife timadziwa mankhwala awiri okha. Ena timakamangirira patsinde pa mtengo wa mango tsiku lonse, ena timathyola shamu n'kukakwapula. Madandaulo a eni usipa amathadi, koma pamatsala funso limene ndikufuna tilingalire limodzi sabata ino. Galu amene sakuba usipa chifukwa ali pachingwe, kapena chifukwa akuona shamu m'manja mwanu, tingamutche womvera? Yankho lake likukhudza agalu, likukhudzanso ana athu ndi ife tomwe.

Tiyambe ndi anthu amene kuphunzitsa agalu ndi ntchito yawo. Mu 1978, pa chionetsero cha agalu chotchedwa Crufts mumzinda wa London, a John Varley ndi a Peter Meanwell anakonza masewera oti asangalatse oonerera panthawi yopuma. Anthu anawakonda masewerawo, ndipo lero ndi mpikisano wodziwika m'mayiko ambiri, dzina lake agility. Pabwalo amaikapo zopinga pafupifupi 20. Pamakhala mipiringidzo yoti galu alumphe, mipope ikuluikulu yoti adutsemo, thabwa lomwe limagwera mbali ina galu akapitirira pakati, ndiponso timitengo 12 tozikidwa pamzere toti azizembazemba pakati pake. Galu amayenera kudutsa zonsezi motsata ndondomeko imene woweruza wakonza tsiku limenelo, ndipo wochita bwino amamaliza mphindi imodzi isanakwane. Malamulo ake ndiwo ofunika pa nkhani yathuyi. Galu amalowa m'bwalo wopanda chingwe, ndipo mwini wake saloledwa kumugwira kapena kunyamula chakudya m'manja. Amadalira mawu ake ndi mayendedwe a thupi lake basi. M'mbali mwa bwalo muli khamu la anthu akukuwa, agalu ena akuuwa, fungo la zakudya lili ponseponse. Galu akafuna kuchoka palibe chomuletsa. Amene amapambana ndi amene pakati pa phokoso lonselo maso ndi makutu ake ali pa munthu mmodzi.

Galu wotere sabadwa choncho. Ophunzitsa amayamba ndi kagalu pamalo a phee, kuseri kwa nyumba kumene kulibe nkhuku kapena ana. Za kulumpha sayamba nazo, pakuti mafupa a kagalu amakhala asanakhwime, ndipo bungwe la Kennel Club la ku Britain sililola galu kulowa mpikisanowu asanakwanitse miyezi 18. Phunziro loyamba ndi lakuti kagalu kakamva dzina lake katembenuke n'kuyang'ana mbuyake. Kakatero amakapatsa kachakudya nthawi yomweyo, chifukwa akachedwa ngakhale pang'ono sikadziwa chimene akukathokozera. Phunziro limatenga mphindi zochepa, ndipo amalekeza kagalu kasanatope. Zimenezi zikakhazikika amabweretsa chosokoneza chimodzi n'kuchiika patali, monga mwana wosewera mpira kutsidya kwa bwalo. Mawa lake mwanayo amayandikira pang'ono. Kagalu kakalephera, wophunzitsa amadziwa kuti wafulumira, choncho amabwerera pamtunda umene kanakwanitsa dzulo. Odziwa ntchitoyi amasandutsanso chosokonezacho kukhala malipiro. Akaona kuti kagalu kakufuna kukanunkhiza patchire, amakaitana kaye, ndipo kakabwera amakalola kupita kukanunkhizako. Pang'ono ndi pang'ono kamaphunzira kuti kubwera kwa mbuyake sikukamanitsa zokoma, koma ndiyo njira yozipezera.

Khalidwe la miyezi 8 lija nalonso linafufuzidwa. Mu 2020 a Lucy Asher a pa yunivesite ya Newcastle ndi anzawo anasindikiza zimene anapeza atatsatira ana a agalu okonzedwa kuti adzatsogolere anthu osaona. Pa miyezi 5 tiagaluto tinkamvera bwino akatiuza kukhala pansi. Pa miyezi 8 tinayamba kunyozera, ndipo chodabwitsa n'chakuti tinkanyozera munthu amene ankatilera, pamene mlendo akalamula tinkamverabe. Vutoli linali lalikulu kwa agalu amene ubale wawo ndi owalera unali wosakhazikika, ndipo pofika miyezi 12 linali litachepa. Kholo limene lili ndi mwana wa Folomu 2 m'nyumba silikusowa womasulira apa. Malangizo a ofufuzawo anali akuti pa msinkhu umenewu mwini galu asathamangire kulanga kapena kutaya mtima, chifukwa ndi nyengo yodutsa.

Kuno kwathu kulinso agalu amene ntchito yawo yonse yagona pa kusasokonezeka. Mu 2018 apolisi, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust anakhazikitsa gulu la agalu ofufuza katundu wozembetsedwa monga minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka. Agaluwa amagwira ntchito pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe ndi m'malo ena odutsira katundu. Taganizirani zimene zimakhala m'zikwama za Amalawi opita kunja: usipa wouma, nsinjiro, chambo chowamba. Mphuno ya galu imaposa yathu kutalitali, ndiye zonsezi amazimva bwino lomwe. Komabe amazipitirira n'kukaima pa chikwama chimodzi chimene chili ndi fungo limene anamuphunzitsa. Malipiro a agalu a ntchito yotere kawirikawiri ndi kampira ndi kusewera kwa kanthawi ndi wowayang'anira. Chingwe chingathe kumufikitsa galu pa mulu wa zikwama, koma sichingamuuze fungo loti atsate ndi loti alisiye.

Apa ndiye pali phunziro lathu. Kuika mtima pa chinthu chimodzi sikutanthauza kuti zina zonse sukuziona. Galu wa agility amalimva khamu, galu wa pabwalo la ndege amaumva usipa. Chimene ali nacho ndi chizolowezi chobwerera. Mtima ukakokedwa, amaubweza kwa mbuyake kapena ku ntchito yake, ndipo amatero mwamsanga chifukwa anayesera kambirimbiri. Katswiri wa maphunziro a maganizo a munthu wa ku America, William James, analemba mu 1890 kuti mphamvu yobweza maganizo amene asochera, kuwabweza mobwerezabwereza mwa kufuna kwako, ndiyo muzu wa khalidwe ndi wa kuweruza bwino. Tikaligwiritsa ntchito ganizo limeneli, funso lathu layankhidwa. Galu wa pachingwe sitingamutche womvera kapena wosamvera, chifukwa sanapatsidwepo mpata wosankha. Galu wa shamu amamvera shamuyo, ndipo tsiku limene mwapita kumaliro ku Lulanga adzakhala woyamba kufika pathandala. Womvera ndi amene akanatha kupita, fungo akulimva, koma wabwera.

Tsono tiyang'ane m'nyumba mwathu. Mwana akayamba kuvuta timagwiritsa mankhwala awiri omwe aja. Timamulanda foni, timamutsekera mtsikana kumpanda, timamukwapula mnyamata amene wathawa sukulu kukathandiza kukoka khoka kudoko. Kwa kanthawi pakhomo pamakhala bata. Koma chingwe cha kholo chili ndi malire ake. Mtsikana uja adzasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Mnyamata uja adzakwera basi ya ku Johannesburg kapena Durban monga achitira anyamata ambiri a boma lathu la Mangochi, ndipo kumeneko kulibe atsibweni kapena anansi oti n'kukanena kunyumba. Tsiku limenelo adzakumana ndi ufulu wonse nthawi imodzi, ali ndi ndalama m'thumba, asanayeserepo n'kamodzi komwe kukana chinthu chokoma mwa iye yekha. Tikadzamva kuti walowerera timadabwa, n'kumati anali mwana wofatsa. Mwina anali wofatsadi, koma mwina anali womangidwa chabe, ndipo ife sitinasiyanitse.

Wina anganene kuti munthu si galu, ndipo n'kulakwa kuyerekeza mwana ndi chiweto. Akunena zoona, ndipo kusiyanako n'kwakukulu. Galu safunsa ngati amene akumuitana ndi munthu wabwino. Wakuba akamuphunzitsa bwino, adzamumvera monga momwe akanamverera mlonda. Munthu yekha ndiye angathe kuima n'kudzifunsa kuti amene akundiitanayu ndani, ndipo akufuna chiyani kwa ine. Koma tisadzinamize kuti njira zophunzitsira ziweto sizigwira ntchito pa ife. M'zaka za m'ma 1950, B. F. Skinner wa pa yunivesite ya Harvard anaonetsa kuti nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti chibwera liti, imajompha kabatani mosalekeza kuposa imene imalandira nthawi zonse. Iye mwini anaona kuti juga imagwira anthu mwa njira yomweyo. Kubetcha mpira pafoni kumayendera lamulo limeneli, ndipo n'chimodzimodzi ndi chala chimene chimangotsitsa mavidiyo pa TikTok kapena Facebook poyembekezera kuti yotsatira ikhala yoseketsa. Ife a kunyanja tiyenera kuzimvetsa msanga zimenezi. Usiku wa mdima asodzi a kauni amayatsa nyali pabwato, usipa n'kusonkhana pa kuwalako, ndipo chilimira chimazinga. Usipa sukakamizidwa ndi aliyense, umabwera wokha. Choncho mwana amene ife sitikumuphunzitsa kuika mtima pa chinthu, ena akumuphunzitsa kale tsiku ndi tsiku, ndipo akumukokera kumene iwo apindule. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Sindikunena kuti chingwe n'chosafunika. Ophunzitsa agalu nawonso amagwiritsa chingwe chachitali pamene kagalu sikanakhwime, kuti kasathamangire kumsewu kapena kukalumidwa ndi galu wachiwewe. Mwana wa zaka 8 sayenera kusiyidwa yekha ndi intaneti, ndipo kholo liyenera kunena kuti ayi pamene ayi akufunika. Koma wophunzitsa wanzeru amachiona chingwe ngati chinthu cha kanthawi, ndipo mwezi uliwonse amachitalikitsa. Ifenso tingathe kutero. Mwana wa Sitandade 7 mungamutume kumsika ndi ndalama yoposa mtengo wa zimene akukagula, n'kuona ngati abweza chenje. Akabweza, muthokozeni tsiku lomwelo, ndipo ulendo wina muonjezere. Wa ku sekondale mungagwirizane naye kuti awerenge theka la ola foni ili m'chipinda china, kenako aitenge mwaufulu, monga muja kagalu kamaloledwa kukanunkhiza katabwera kaye. Akazolowera, foniyo ikhale patebulo pomwepo koma yozimitsa, ndipo pambuyo pake ikhale yoyatsa. Akalephera musati mwanayu ndi wosatheka. Bwererani pamene anakwanitsa, muyambirenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali lamulo lina la ophunzitsa agalu limene liyenera kutigunda pamtima. Amati usamuitane galu kuti umulange. Ukamuitana, iye n'kubwera, iwe n'kumumenya chifukwa cha usipa umene anaba, chimene waphunzira n'chakuti kubwera n'koopsa, ndipo mawa adzaima patali. Tidzifunse moona mtima kuti mwana akamva dzina lake pakamwa pathu amayembekezera chiyani. Ngati nthawi zonse ndi kukalipidwa kapena kutumidwa, dzina lakelo lasanduka chenjezo, ndipo adzapita kumene akumuitana mokoma, ngakhale kukhale ku nyali ya kauni. Kafukufuku wa ku Newcastle uja anaonetsa kuti kumvera kumatsamira pa ubale. Galu amabwerera kwa munthu amene anasewera naye, ndipo mwana amabwerera kwa kholo limene linakhalapo naye pansi kumva nkhani zake za kusukulu popanda kumudula mawu.

Ife akuluakulu tisadziike pambali. Mwana sangaphunzire kubweza maganizo kwa bambo amene akuyankha mafunso ake maso ali pa WhatsApp, kapena kwa mayi amene pamsonkhano wa Limana amatuluka katatu kukayankha foni. Ifenso tingayambe ngati kagalu kaja, ndi mphindi zochepa pamalo a phee. Tingadye nsima ya madzulo mafoni ali m'chipinda, tingamvetsere munthu wodwala mpaka amalize kufotokoza, tingapemphere khumi limodzi la korona n'kumabweza mtima nthawi iliyonse imene wathawira ku ngongole kapena ku mtengo wa feteleza. Mtimawo udzathawa ndithu, ndipo zimenezo zisatifooketse, pakuti kuubweza kumeneko ndiko kuphunzira kwake.

Choncho abale ndi alongo, sabata ino kholo lililonse liyese zinthu ziwiri. Choyamba, muitaneni mwana wanu ndi dzina lake kamodzi patsiku popanda chomutuma kapena chomudzudzula, mungomufunsa za tsiku lake n'kumvetsera. Chachiwiri, sankhani chinthu chimodzi chimene mwakhala mukumuletsa, muone ngati wafika poti mungatalikitse chingwe pang'ono inu mukadali pafupi kuti mumuthandize akapunthwa. Ana athu adzamasulidwa ndithu tsiku lina, kaya ife tikufuna kaya ayi, ndipo ndi bwino kuti ayambe kuyesera ufuluwo akadali pakhomo pathu.