Nthambi Isanyoze Tsinde

Ife a kuno ku Chiradzulu timanyadira kuti mpingo wathu wa Anglican unayambira kwathu. M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie, motsogoleredwa ndi David Livingstone, anamanga misasa pa Magomero pamodzi ndi anthu amene anangomasulidwa kumene m'magoli a ukapolo. Koma uthenga umene anabwera nawo sunabadwire ku Mangalande. Mulungu womasula akapolo anayamba wadziwika pakati pa Ayuda, pamene anawatulutsa m'dziko la Aigupto. Nanga ife tili nawo mangawa otani kwa anthu amenewa?

Tiyambe ndi Mayi Mariya, amene timamukumbukira pa 25 Malichi chaka chilichonse. Iye anali mayi wachiyuda. Mwana wake anadulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo atatha masiku 40 anapita naye ku Kachisi ndi nsembe ya mbalame ziwiri, imene Levitiko 12 amaloleza amphawi. Nyimbo yake yoyamika Mulungu inatengera ya Hana, amake a Samueli. Masalimo amene timawerenga m'tchalitchi ndi omwe Yesu anaphunzira ali mwana. Ukaristia unakhazikitsidwa pa nyengo ya Paskha, ndipo mawu oti Amen, Aleluya ndi Hosana ndi Chihebri chimene chili pakamwa pathu Lamulungu lililonse.

Pa Aroma 11 Paulo Woyera akutiyerekeza ife amitundu ndi nthambi yomezanitsidwa pa mtengo wa azitona. Ife alimi tikuchidziwa chimenechi. Mango omezanitsa amabereka msanga zipatso zokoma, koma madzi amamwera m'mizu ya tsinde lakale. Wodula tsindelo amapha nthambi yomwe.

Alipo amene anayesa kulidula. Marcion ankaphunzitsa kuti Akhristu ataye Chipangano Chakale chonse, ndipo mpingo wa ku Roma unamuchotsa m'chaka cha 144. Nayo mfundo yachisanu ndi chiwiri mwa mfundo 39 za chikhulupiriro cha Anglican imatsimikiza kuti zipangano ziwirizi sizitsutsana.

Mwina wina afunsa kuti, kodi si Ayuda amene anapha Ambuye? Apa tichenjere, makamaka pa Lachisanu Loyera. Amene analamula kuti Yesu apachikidwe ndi Pilato, kazembe wachiroma, atakakamizidwa ndi ena mwa akulu a ansembe. Koma Mariya wa Magadala ndi amayi amene anaima pafupi ndi mtanda analinso Ayuda, chimodzimodzi atumwi onse. Kusenzetsa mtundu wonse mlandu umenewu kunabala chidani cha zaka mazanamazana ku Ulaya, ndipo chidanicho chinalambulira njira boma la Hitler, limene linapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. N'chifukwa chake mabishopu athu, pa msonkhano wa ku Lambeth wa 1988, analimbikitsa kukambirana mwaulemu ndi Ayuda ndi Asilamu omwe.

Kulemekeza mizu sikutanthauza kubwerera ku mdulidwe kapena ku malamulo onse a zakudya. Atumwi anaweruza kale nkhaniyi pa Machitidwe 15, ndipo chipulumutso chathu chili mwa Khristu. Chofunika ndi kuyamika ndi kudzichepetsa. Amene watungira pa chitsime cha mnzake salavuliramo pochoka.

Udindo wathu uli pakhomo. Timoteo anadziwa malembo kuyambira ali mwana, m'manja mwa agogo ake Loisi ndi amake Yunike, mayi wachiyuda, ndipo malembowo anali a Chipangano Chakale. Nafenso tiwafotokozere ana athu za Sara, Rute ndi Estere. Tileke kutchula dzina loti Myuda ngati chitonzo m'maulaliki athu a kumaliro ndi m'misonkhano ya amayi. Mwana amene waphunzira kusanyoza Myuda amene sanamuonepo, adzadziwanso kulemekeza Msilamu amene amatunga naye madzi pa mjigo umodzi.

Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo, amene ali Atate wa Ambuye wathu Yesu Khristu, adalitse mabanja athu.